Kukaphunzira kunja: ukukatenga chiyani, nanga udzafikira pati?

Zotsatira za mayeso a fomu 4 zikatuluka, kenaka mayina a osankhidwira ku mayunivesite a boma n'kulengezedwa, m'makomo ambiri kuchokera ku Songani mpaka ku Malosa mumayamba nkhani imodzi: mwanayu tim'tumize kunja? Aphunzitsi achinyamata omwe atsiriza ku Domasi College of Education nawonso amafunsana zomwezo akamva kuti mnzawo wakwera ndege. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe amamveka kawirikawiri. Maganizo anga pa onsewo ndi amodzi: ulendo wa maphunziro umapindula pamene munthu akudziwa chimene akukatenga, ndalama zake zilipo zokwanira ulendo wonse, ndipo kwawo kuli poti adzagwiritse ntchito chimene watengacho.

Kodi kukaphunzira kunja ndi chinthu chachilendo kwathu kuno?

Ayi, ndipo chigwa cha Domasi chili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Mishoni ya Church of Scotland inakhazikika pano m'chaka cha 1884 motsogozedwa ndi Alexander Hetherwick, ndipo mu 1929 boma la atsamunda linatsegula Jeanes Training Centre yophunzitsa aphunzitsi ndi atsogoleri a m'midzi. Komatu maphunziro onsewo anali ndi polekezera. Wofuna digiri ankayenera kuwoloka malire, poti dziko lino linalibe yunivesite. John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, n'kukaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo pobwera mu 1900 anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Hastings Kamuzu Banda anatenga digiri ya udokotala ku Meharry Medical College mu 1937 asanapitirire ku Edinburgh. Legson Kayira ananyamuka wapansi mu 1958, n'kuyenda mpaka ku Khartoum, asanapeze njira yokafika ku Skagit Valley College ku America. Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere onse anaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, ndipo onse anagwirako ntchito ku Domasi atabwerako: Chirwa ankaphunzitsa pa sukulu ya aphunzitsi, Chipembere anayambira pano ntchito ya m'boma.

Anthu onsewa anapita chifukwa chimene ankafuna kunalibe kuno. Lero zinthu zinasintha. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Blantyre, ndipo Chancellor College inasamukira ku Chirunga, mumzinda wa Zomba, mu 1973. Kenaka kunabwera Mzuzu University, LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa, n'kubadwa MUBAS ndi KUHeS. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, n'zoona, koma mwambiwo sukutanthauza kuti dziwe lililonse lakutali n'labwino kuposa lapafupi. Funso lomwe Chilembwe sankafunika kudzifunsa, mwana wa lero ayenera kudzifunsa: chimene ndikukafuna kunjako, kodi kuno kulibedi?

Nanga nthawi yabwino yopita ndi iti, atangotsiriza fomu 4 kapena atatenga digiri yoyamba?

Kwa anthu ambiri, yankho langa ndi lakuti atatenga digiri yoyamba kuno. Chifukwa choyamba chili pa satifiketi yeniyeniyo. Mayunivesite ambiri a ku Britain sailandira MSCE payokha ngati chiphaso cholowera chaka choyamba. Amafuna mayeso a A-level, omwe amalembedwa pa sukulu zochepa monga Kamuzu Academy, kapena chaka china chokonzekera chomwe chimalipiridwa padera. Ku South Africa nako munthu amayenera kupeza chilolezo chotsimikiza kuti mayeso ake ndi okwanira kulowera yunivesite. Mwana wa mapointi 8 akhoza kukhala wanzeru kuposa anzake onse a m'kalasi yomwe akufuna kukalowa, koma pepala lake n'kum'tsekereza pakhomo. Chifukwa chachiwiri ndi chakuti thandizo lalikulu lomwe Amalawi angapikisane nalo linakonzedwera digiri yachiwiri ndi yachitatu. Chevening ya boma la Britain, yomwe inayamba mu 1983, imalipirira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi ndipo imafuna munthu amene wagwirako ntchito zaka ziwiri. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe omwe ali kale ndi digiri. Fulbright ya ku America, DAAD ya ku Germany, Rhodes ya ku Oxford ndi thandizo la Commonwealth, zonsezi makamaka n'za omwe atsiriza digiri yoyamba. Zilipo zina zotenga ana ochokera ku sekondale, monga Mastercard Foundation Scholars Program ndi malo ena omwe maboma a China ndi India amapereka, koma malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna.

Chifukwa chachitatu ndi chomwe chimandikhudza kwambiri, ndipo umboni wake tili nawo pa madokotala athu. Kwa zaka zambiri dziko lino litalandira ufulu, ofuna udokotala ankatumizidwa kunja kukachita maphunziro onse, ndipo ambiri sanabwerere. Si kuti anali oipa mtima. Munthu akachoka ali ndi zaka 19 n'kukhala zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo, amakhwimira komweko, amakwatira komweko, ndipo matenda omwe wawazolowera ndi a komweko. College of Medicine itatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndi khama la anthu monga Professor John Chiphangwi, njira inasintha. Ophunzira oyambirira ankachita gawo loyamba kunja, ku Britain, ku Australia ndi ku South Africa, n'kubwera kudzatsiriza m'mawodi a Queen Elizabeth Central Hospital, mpaka maphunziro onse anayamba kuchitikira konkuno. Dokotala amene waphunzirira pa odwala malungo, chifuwa chachikulu ndi amayi oyembekezera a kwathu, akapita kunja kukawonjezera ukatswiri amapita akudziwa chosowa. Ameneyo amafunsa mafunso ena m'kalasi, ndipo ali ndi chipatala chomwe chikumudikira.

Koma malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa. Kodi mwana wosasankhidwa angokhala pakhomo?

Ili ndi dandaulo loona, ndipo sindikufuna kulichepetsa. Chaka ndi chaka ana okhoza bwino amatsala, osati chifukwa cha ulesi koma chifukwa mipando yatha. Kholo lomwe lagulitsa mpunga wa ku sikimu ya Domasi zaka zinayi kuti mwana atsirize sekondale lili ndi chifukwa chokwiyira. Koma pakati pa kukhala pakhomo ndi kukwera ndege pali njira zingapo zomwe timazidumpha msanga. Pali Domasi College of Education pakhomo pomwepa ndi Nalikule ku Lilongwe, pali maphunziro ochitira kutali omwe mayunivesite a boma amapereka, pali mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba omwe National Council for Higher Education inawavomereza, ndipo ophunzira osowa m'sukulu zovomerezeka za m'dziko muno akhoza kupempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board. Wina adzati dipuloma ya uphunzitsi si yomwe mwanayo ankalota. Zoonadi, koma dipuloma ndi khwerero, ndipo munthu amene ali nayo, waphunzitsa zaka zingapo, n'kuwonjezera digiri, amakhala woyenera kupikisana pa thandizo lokwanira kuposa mnzake amene anathamangira kunja n'kubwerera chaka chachiwiri fizi itavuta.

Ngati banja latsimikizadi kuti mwana apite, ndi bwino kuyang'ana kaye maiko oyandikana nawo. Mgwirizano wa SADC wa za maphunziro wa mu 1997 unati maiko a m'chigawochi azisungira ana a maiko anzawo malo osachepera 5 mwa 100 aliwonse, ndiponso aziwalipiritsa fizi ngati nzika. Si sukulu zonse zomwe zimatsatira mokwanira, ndipo ku South Africa amawonjezerapo kandalama kena ka alendo, koma kusiyana kwake ndi mitengo ya ku Ulaya n'kwakukulu. Kuwonjezera apo, ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku Pretoria munthu amafika pa basi, ndipo maliro akagwa kumudzi amatha kubwera.

Banja likadzipereka, kugulitsa munda kapena ng'ombe, kodi silingakwanitse kulipira lokha?

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amavulalira, chifukwa amawerengera chaka choyamba chokha, ndiponso amawerengera pa mtengo wa kwacha wa tsiku lomwe akhala pansi. Fizi ya kunja imalipiridwa m'madola, m'mapaundi kapena m'marandi, pamene mpunga, nsomba ndi malipiro a mphunzitsi zimabwera m'makwacha. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Tiyerekeze fizi ya madola 5,000 pachaka: usiku umodzi inachoka pa K5.9 miliyoni kufika pa K8.5 miliyoni, sukuluyo isanakweze kanthu. Ndipo ngakhale makwachawo alipo, kupeza ndalama zakunja kubanki kumatenga nthawi, pamene sukulu ili ndi tsiku lake lomaliza kulandira fizi. Munda umagulitsidwa kamodzi. Fizi imafunika kanayi.

N'chifukwa chake kalata yolonjeza thandizo iyenera kuwerengedwa mofatsa, liwu ndi liwu. Sukulu zambiri zimalemba kuti zakupatsani sikolashipu pamene zangochotsako gawo la fizi, malo ogona, chakudya, inshuwalansi ya chipatala, viza ndi tikiti ya ndege n'kukusiyirani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: thandizo lenileni ndi lomwe lalembedwa kuti lilipira chiyani, kwa zaka zingati, ndiponso lingachotsedwe pa zifukwa ziti. Ena amati mwanayo akafika azikagwira maganyu n'kumadzilipirira. Ganyu imathandiza kugula sopo ndi chakudya, koma malamulo a viza amaika malire. Ku Britain wophunzira digiri amaloledwa maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo maiko ena salola n'komwe. Wophunzira amene akutsuka mbale usiku kuti apeze fizi amafika m'kalasi ali wotopa, ndipo akalephera mayeso viza nayo imagwedezeka. Malamulowo amasinthanso: kuyambira mu January 2024 Britain inaletsa ambiri mwa ochita digiri yachiwiri kutenga akazi, amuna kapena ana awo, zomwe zinasokoneza mabanja omwe anali atakonza kale ulendo.

Nanga anthu omwe amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti amapezera ana malo kunja?

Alipo ogwira ntchito moona, koma kumbukirani kuti ambiri amalandira ndalama kuchokera ku sukulu yomwe akukutumizaniyo, choncho sukulu yomwe akuitamanda si kuti ndi yomwe ikuyenerani. Thandizo lodziwika bwino monga Chevening, Fulbright kapena Beit limapemphedwa mwachindunji ndipo silidutsa mwa dobadoba. Wokuuzani kuti mum'patse ndalama kuti dzina lanu lilowe akukuberani. Safunsa anadya phula. Musanalipire kalikonse, funsani ku National Council for Higher Education ngati digiri ya sukuluyo idzazindikiridwe kuno, ndipo ngati ndi za udokotala, unamwino kapena za mankhwala, funsaninso bungwe lomwe limapereka chilolezo chogwirira ntchitoyo, monga Medical Council of Malawi. Digiri yomwe bungwe lotere silingailandire ndi zaka zotayika.

Nkhaniyi ikukhudzanso mabanja achisilamu, omwe ndi ambiri m'chigwa chino ndi ku Machinga. Kwa zaka zambiri achinyamata akhala akupeza mwayi wokaphunzira ku Saudi Arabia, ku Sudan, ku Egypt ndi kwina kudzera m'mabungwe achipembedzo, ndipo mwayi umenewu unatsegulira khomo ana omwe makolo awo ankazemba sukulu za mishoni poopa kuti ana asiya chipembedzo. Ndi njira yolemekezeka. Chofunika n'kudziwiratu ngati maphunzirowo ndi achipembedzo okha kapena ali ndi digiri yomwe boma ndi makampani angalembere munthu ntchito, komanso chiyankhulo chophunzirira, poti Chiarabu chimafuna nthawi yakeyake. Nkhondo yomwe inabuka ku Khartoum mu April 2023, monganso ya ku Ukraine mu 2022, inathamangitsa ophunzira achilendo maphunziro ali pakati. Amene anali m'manja mwa bungwe kapena boma anali ndi wowafunsira. Wopita mwa yekha kudzera mwa dobadoba amasowa pogwira.

Kodi maiko ena osauka anachita bwanji ndi vuto lomweli?

Pakistan ndi chitsanzo chothandiza, chifukwa ana ake ambiri amaphunzira kunja ndipo dzikolo lalimbana ndi funso la kubwerera kwa zaka zambiri. Abdus Salam, mwana wa m'tauni ya Jhang, anapita ku Cambridge mu 1946 ndi thandizo la maphunziro, n'kuchita bwino kwambiri pa masamu ndi fizikisi. Mu 1951 anabwerera kwawo kukaphunzitsa ku Government College ku Lahore. Anapeza kuti kunalibe anzake ochita nawo kafukufuku, mabuku atsopano a sayansi sankafika, ndipo ntchito yake sinkawerengedwa. Mu 1954 anabwerera ku Britain, ndipo mu 1979 analandira mphoto ya Nobel ali kunja. Chomwe chimandichititsa chidwi n'chimene anachita ndi chisoni chakecho. Mu 1964 anakhazikitsa International Centre for Theoretical Physics ku Trieste, ku Italy, ndipo anakonza dongosolo loti asayansi a maiko osauka azipita kumeneko kwa miyezi ingapo, kukakumana ndi anzawo ndi kuwerenga zatsopano, kenaka n'kubwerera ku ntchito zawo. Iye anaona kuti chothamangitsa munthu wophunzira si malipiro okha, komanso kukhala yekhayekha. Pambuyo pake, mu 2002, Pakistan inakhazikitsa Higher Education Commission, yomwe inatumiza ophunzira ambirimbiri kukachita PhD kunja atasainira kuti adzabwerera kudzagwira ntchito. Ambiri anabwereradi, koma panamvekanso madandaulo a madokotala a maphunziro omwe anafika kwawo n'kusowa malo m'mayunivesite. Kusainitsa munthu pepala n'kosavuta. Kumukonzera labotale, ophunzira ndi malipiro ndiye ntchito.

Ndiye kuti amene amatchona kunja atatsiriza maphunziro ndi olakwa?

Amene analandira ndalama za boma kapena za bungwe atalonjeza kubwerera, n'kuzemba, walakwa, chifukwa malo omwe anatengawo akanapita kwa wina, ndipo misonkho yomwe inamulipirira inachokera kwa mayi wogulitsa tomato pa Songani. Chevening imafuna kuti munthu abwerere kwawo kwa zaka ziwiri, ndipo sindiona nkhanza pamenepo. Amene anadzilipirira ali ndi ufulu wosankha pokhala, ndipo ndalama zomwe amatumiza zikuphunzitsa abale ndi kumanga nyumba, zimenezi sizonyozeka. Koma ndalama yotumizidwa pa foni singachite opaleshoni ku Zomba Central Hospital, singaphunzitse kemisitiri ku sekondale ya m'mudzi. Dziko limasowa munthuyo, osati ndalama zake zokha.

Komabe tisamathamangire kuloza chala otchonawo ngati kuti dziko lakhala likuwalandira ndi manja awiri. Kamuzu Banda atatsiriza ku Edinburgh mu 1941 ankafuna kudzagwira udokotala kwawo, koma tsankho la nthawiyo linam'tsekera njira, ndipo anabwera mu 1958 ngati wandale. Iye yemweyo atatenga boma, ophunzira ena omwe anabwerera anaona zoopsa. Chipembere anafera ku America mu 1975 ali wothawa kwawo. Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya wophunzira ku London, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Jack Mapanje anatenga PhD ku University College London, n'kubwera kudzaphunzitsa ku Chancellor College, koma mu 1987 anatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991, ndipo atatuluka anapita ku Britain. Masiku a ndende zotere anapita, koma pali zotsekereza zina zachete: munthu kubwera ndi ukatswiri n'kuikidwa pa desiki yosagwirizana ndi zomwe anaphunzira, kudikira zaka kuti akwezedwe, kapena kupeza makina omwe anaphunzirira kulibe ndipo palibe bajeti yowagulira. Unduna kapena sukulu yomwe imatumiza wantchito wake kunja isanakonze chomwe adzachite akabwera ili ndi gawo lake pa kutchona kwa munthuyo.

Mphunzitsi kapena mlangizi wa ku Domasi amene akufunadi kupita ayambire pati?

Ayambire pa vuto lomwe akulidziwa bwino kuposa wina aliyense wofunsira naye. Chigwa chino chili nawo ambiri, ndipo ndi enieni. Malawi Institute of Education, yomwe imakonza silabasi ndi mabuku a sukulu za dziko lonse, ili pano, ndipo funso la mmene mwana wolankhula Chiyao pakhomo angaphunzirire kuwerenga m'Chichewa kenaka m'Chingerezi likufunika anthu ozama pa za ziyankhulo ndi kayesedwe ka ana. National Aquaculture Centre ili pano, ndipo alimi a nsomba za m'maiwe akusowa mbewu yabwino ndi chakudya cha nsomba chotsika mtengo. Mtsinje wa Domasi umatsika pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe inaphwa mu 1968 ndi mu 1995 ndipo yakhala ikuphweranso zaka zaposachedwapa. Alimi a mpunga ndi asodzi a matemba akufuna anthu odziwa kuyeza madzi ndi kusamalira nkhalango za kumtunda. Oweruza mafomu a thandizo amawerenga makalata ambiri onena kuti wolembayo amakonda dziko lake. Kalata yonena kuti wolembayo waphunzitsa zaka zitatu, waona ana a sitandade 3 akulephera pa chinthu chakutichakuti, ndipo akufuna kukaphunzira njira yakutiyakuti kwa aphunzitsi a pa yunivesite yakutiyakuti, imaoneka msanga pakati pa mulu.

Zotsalazo ndi za dongosolo, ndipo zimafuna chaka chathunthu. Mafomu a Chevening amatsegulidwa m'theka lachiwiri la chaka kuti munthu akayambe sukulu chaka chotsatira. Pasipoti ipangidwe msanga. Zotsatira za mayeso a ku koleji zipemphedwe nthawi ilipo, poti maofesi amachedwa. Sukulu zina zimafuna mayeso a Chingerezi monga IELTS, omwe ndi odula, choncho ndi bwino kufunsa kaye ngati kalata yotsimikiza kuti munaphunzira m'Chingerezi ingakwanire. Wogwira ntchito m'boma apemphe tchuthi cha maphunziro mwalamulo, asangosowa pa ntchito, ndipo asananyamuke akhale pansi ndi abwana ake kuti alembe chomwe adzagwire akabwerako: kalasi iti, kafukufuku uti, ndi anthu ati omwe adzawaphunzitse zimene wakatengazo.